Njira yofikira pa udindo wa art director m'makatuni ndi m'zofalitsa

Mukaonera filimu ya makatuni n'kuona kuti mtengo wa koyambirira ndi mtengo wa kumapeto akuoneka ngati anamera m'dziko limodzi, dziwani kuti alipo munthu amene anachezera usiku chifukwa cha zimenezo. Mwina mitengo iwiriyo anaijambula anthu awiri amene sanakhalepo m'chipinda chimodzi. Amene anawachititsa kuti ajambule ngati dzanja ndi limodzi ndiye art director. Iyeyu amasankha mmene zinthu zidzaonekere: mitundu, kuwala, kamangidwe ka nyumba, nkhope ndi zovala za atengambali. Akasankha, amalondola gulu lonse kuti lisachoke pa zimene zagwirizanidwa mpaka ntchito itatha.

Achinyamata ambiri aluso amaganiza kuti mpandowu amaupereka kwa amene amajambula bwino kuposa anzake onse. Luso la dzanja ndi lofunikadi, ndipo popanda ilo simungalowe n'komwe pakhomo. Koma chimene chimakweza munthu ndi china: kudziwa chifukwa chimene chithunzi ichi chikugwirira ntchito pamene icho chikukanika, ndi kutha kufotokoza chifukwacho kwa mnzanu mpaka iye akonze yekha. Masitepe onse amene ndifotokoze pano akuloza kumeneko.

Dziwani kaye mpando umene mukuufuna

Dzina ndi limodzi koma ntchito zimasiyana malinga ndi kumene muli, ndipo munthu akasokoneza izi amataya zaka akukonzekera ntchito yolakwika.

M'makampani otsatsa malonda, art director amagwira ntchito ndi wolemba mawu, awiriwiri. Kachitidwe kameneka kanatchuka ndi Bill Bernbach wa kampani ya Doyle Dane Bernbach ya ku New York, imene inayamba mu 1949. Kale wolemba ankalemba kaye, wojambula n'kumalandira mawu otha kale kuti angowakongoletsa. Bernbach anawakhazika pamodzi kuti aziganizira limodzi kuyambira pachiyambi. Chitsanzo chodziwika ndi malonda a Volkswagen a mu 1959 otchedwa Think Small, amene art director wake anali Helmut Krone ndipo mawu analemba Julian Koenig: kagalimoto kakang'ono pakona, tsamba lonse lili mbee. Kusiya tsamba lopanda kanthu chomwecho chinali chisankho, ndipo chisankho chotere ndicho ntchito ya art director. M'magazini nako, iye amayang'anira zilembo, zithunzi ndi kayalidwe ka masamba, monga anachitira Alexey Brodovitch ku Harper's Bazaar kuyambira 1934 mpaka 1958.

M'mafilimu a anthu enieni, pamwamba pa art director pamakhala production designer. Dzina limeneli linaperekedwa kwa William Cameron Menzies pa filimu ya Gone with the Wind ya mu 1939, posonyeza kuti ntchito yake inapitirira kumanga malo ojambulira. Masiku ano production designer ndiye amagwirizana ndi dayilekita za maonekedwe a filimu yonse, pamene art director amaonetsetsa kuti zamangidwa pa nthawi yake ndiponso ndi ndalama zimene zilipo. M'masitudiyo akuluakulu a makatuni zimakhalanso choncho, moti filimu imodzi itha kukhala ndi ma art director angapo, wina wa atengambali, wina wa malo, wina wa kuwala. M'situdiyo yaing'ono kapena pa makatuni a pa TV, kawirikawiri art director ndiye mutu wa zonse za maonekedwe. Ku Japan dzinali limapita makamaka kwa amene amatsogolera openta ma background, ndiwo malo amene atengambali amayendamo.

Choncho mukaona ntchito yalengezedwa, musathamangire dzina. Werengani zimene akufuna kuti munthuyo azichita tsiku ndi tsiku.

Mangani maziko, ndipo musachite changu

Gawo ili n'lotopetsa ndipo n'limene ambiri amalidumpha. Pali zinthu zimene diso ndi dzanja lanu ziyenera kuzolowera mpaka muzizichita osaganiza.

Choyamba ndi kujambula zimene mukuona. Yendani ndi kabuku ndi pensulo, muzijambula anthu atakhala, atanyamula katundu, akukangana, akudikira. Mphindi imodzi kapena ziwiri pa munthu mmodzi n'zokwanira, chifukwa chimene mukusaka ndi kaimidwe ka thupi ndi kumene kulemera kwagwera. Chotsatira ndi perspective, luso losonyeza kuti ichi chili pafupi, icho chili kutali, ndipo kamera yaima apa. Wopenta background amene sadziwa kumene kamera yaima amapenta chipinda chimene mtengambali sangayendemo.

Koma chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi kuwala ndi mdima. Anthu amakopeka ndi mitundu, pamene chimene chimauza diso la woonera kumene liyang'ane ndi kusiyana kwa poyera ndi pakuda. Chitani izi tsiku lililonse kwa miyezi ingapo: imitsani filimu imene mumaikonda pa chithunzi chimodzi, kenako muchijambule kakang'ono ngati bokosi la machesi pogwiritsa ntchito kuda, kuyera ndi kutuwa basi. Musajambule maso, mabatani kapena masamba. Ikani madontho akuluakulu okha. Mukatha, dzifunseni kuti diso langa linayamba kugwera pati, nanga n'chiyani chinalikokera pamenepo. Yankho lake mulilembe pansi pa kachithunziko m'chiganizo chimodzi. Kulembako musakupeputse, chifukwa ndi poyambira pa kuphunzira kulankhula za zithunzi, ndipo patsogolo mudzadyera pomwepo.

Mukazolowera zimenezi, bweretsani mitundu. Pentani panja, malo amodzimodzi m'mawa, masana ndi madzulo, muone mmene khoma lomwelo limasinthira, ndi mmene mthunzi umatengera mtundu wa kumwamba. Kazuo Oga wa ku Japan, amene anali art director wa filimu ya makatuni ya My Neighbor Totoro ya mu 1988 ku Studio Ghibli, anayamba kupenta ma background mu 1972 pansi pa Shichiro Kobayashi. Pofika pa filimu ija anali atapenta udzu, mitambo ndi timisewu kwa zaka 16, ndi penti wamba wa m'timabotolo. N'chifukwa chake nkhalango zake zimaoneka ngati mungamve chinyontho chake.

Za zipangizo ndinena mwachidule, poti zimasintha. Photoshop, Procreate ndi Clip Studio Paint ndi mapulogalamu ofala pojambula. Toon Boom Harmony ndi TVPaint amagwiritsa ntchito pa makatuni a 2D, ojambulidwa ngati pa pepala, Maya pa a 3D, oumbidwa pa kompyuta. Krita ndi Blender ndi aulere, ndipo musawaderere: filimu ya Flow ya Gints Zilbalodis wa ku Latvia anaipanga ndi Blender, n'kupata mphoto ya Oscar ya makatuni mu 2025. Ngakhale mutakhala wa 2D, phunzirani 3D pang'ono, kuti muzitha kuimika mabokosi, kuika kamera ndi kuyatsa nyali. Zidzakuthandizani kumvana ndi anthu amene adzamange zimene mwajambula.

Nanga sukulu? Zilipo zotchuka monga Gobelins ku Paris, CalArts ku California ndi Sheridan College ku Canada. Chimene sukulu yabwino imapatsa munthu ndi aphunzitsi omudzudzula mosabisa, masiku opereka ntchito amene sasunthika, ndi anzake amene adzakhale m'masitudiyo mawa. Masitudiyo ambiri amayang'ana ntchito ya manja anu kuposa pepala, ngakhale pepalalo limathandiza pofuna chilolezo chogwira ntchito m'dziko lina. Ngati sukulu simungaikwanitse, zinthu zitatu zija muzifunefune mwa njira ina: maphunziro a pa intaneti okhala ndi mphunzitsi woyang'ana ntchito yanu, ndi kagulu ka anzanu kokumana sabata iliyonse n'kumauzana zoona.

Portfolio: onetsani kaganizidwe kanu

Portfolio ndi zithunzi zimene mumaonetsa pofuna ntchito. Cholakwika chofala ndi kuunjika chilichonse chimene munajambulapo: nkhope ya woimba apa, chinjoka apo, logo uko. Wolemba anthu ntchito amakhala ndi ma portfolio ambiri oti aone, ndipo akapeza chithunzi chimodzi chofooka amayamba kukayikira ngati mumatha kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Kwa munthu amene akulota za u art director, kukayikiridwa kumeneko n'koopsa kuposa kulakwitsa chala.

Njira yabwino ndi iyi. Tengani nthano imodzi yaifupi, yanu kapena yakale imene aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito, muichite ngati filimu imene ikukonzedwa. Jambulani atengambali atatu kapena anayi ataima pamzere kuti kusiyana kwa misinkhu ndi matupi awo kuoneke. Adetseni onse bii, muone ngati munthu angawazindikire ndi mthunzi wokha. Jambulani mtengambali wamkulu kutsogolo, chammbali ndi kumbuyo, komanso nkhope yake akakwiya, akachita mantha, akanama. Jambulani kumene amagona, ndipo chipindacho chiziulula khalidwe lake iye asanalowemo: kodi ndi wosunga zinthu, waumphawi wobisa, kapena wongofika kumene? Onjezani katundu wake wamng'onowamng'ono. Pomaliza pentani zochitika zitatu kapena zinayi zikuluzikulu za nthanoyo.

Ikanimo ndi tizithunzi toyesera timene munatikana, pamodzi ndi mawu ochepa onena chifukwa chake. Masamba 10 mpaka 15 okonzedwa motere amalankhula kuposa masamba 50 a zinthu zosagwirizana. Aikeni pamalo osavuta kutsegula, kaya pa ArtStation, tsamba la pa intaneti limene ojambula amaikapo ntchito zawo, kapena pa tsamba lanulanu, dzina ndi imelo zili poonekera. Ngati mukulowera ku zotsatsa malonda kapena magazini, mfundo ndi yomweyo: onetsani lingaliro limodzi likuyenda pa chikwangwani, pa foni ndi pa kanema wamfupi, ndipo samalani kwambiri kasankhidwe ka zilembo.

Ndipo muionetse kwa anthu. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Pa zikondwerero za makatuni monga cha ku Annecy ku France, chimene chimachitika mu June limodzi ndi msika wake wa MIFA, masitudiyo amaona ma portfolio a ofuna ntchito. Amene sangafike kumeneko atha kulembera akatswiri mwaulemu pa intaneti. Funsani funso limodzi lolunjika, monga lakuti ndi tsamba liti limene iwo akanalichotsa. Funso lotere munthu wotanganidwa amatha kuliyankha.

Lowerani pa khomo limodzi

Palibe amene amayamba ntchito ngati art director pa filimu yaikulu. Mumalowa ngati wopenta ma background, wojambula katundu wa atengambali, wa layout amene amakonza kaimidwe ka kamera ndi malo, wothandiza pa visual development (zojambula zoyambirira zofufuza maonekedwe a filimu), kapena junior designer ku zotsatsa malonda. Eyvind Earle, amene maonekedwe a Sleeping Beauty ya mu 1959 anachokera m'manja mwake, analowa ku Disney mu 1951 ngati wothandizira kupenta ma background. Dice Tsutsumi anagwira kaye zaka zingapo ku Blue Sky Studios akupenta zithunzi zotsogolera mitundu asanakhale art director pa Toy Story 3 ya mu 2010 ku Pixar.

Pa ntchito yoyambayi mudzapemphedwa kujambula m'kalembedwe ka munthu wina, ndipo mwina sikadzakusangalatsani. Vomerani ndi mtima wonse. Munthu amene sanaphunzire kutsata kalembedwe ka mnzake sadziwa zimene akupempha akamauza anthu 20 kuti atsate kake. Perekani ntchito pa tsiku lake. Tchulani mafayilo monga mmene situdiyo imafunira, ndipo ma layer anu, ndiwo magawo osanjikizana a chithunzi pa kompyuta, akhale osanjika bwino, chifukwa pambuyo panu pali wina amene adzatsegula fayiloyo usiku akuthamangitsana ndi nthawi. Mukapatsidwa ndemanga imene simunaimvetse, funsani pomwepo m'malo mokataya masiku awiri mukulota zimene amatanthauza.

Ntchito zambiri m'makatuni ndi za kontirakiti: filimu ikatha, gulu limabalalika, ndipo anthu omwewo mumakakumana nawonso kwina. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Amene mwakhala naye desiki limodzi lero ndi amene adzafunsidwe mawa ngati ndinu munthu wogwirika naye ntchito. Werenganinso kontirakiti yanu bwinobwino. Zimene mwajambulira situdiyo nthawi zambiri zimakhala za situdiyoyo, ndipo mukasaina pangano losunga chinsinsi simuloledwa kuziika pa intaneti filimu isanatuluke.

Tsatirani chithunzi chanu kumene chikupita

Apa ndi pamene amene adzakhale art director amayamba kusiyana ndi anzake. Ambiri akapereka chithunzi amaona ngati ntchito yatha. Inu nyamukani mukaone chimene chimachitika chikachoka pa desiki panu.

Pa makatuni a 3D, chojambula chanu chimapita kwa woumba pa kompyuta, kenako kwa woika mafupa kuti chizitha kuyenda, kwa wopaka khungu ndi nsalu, kwa animator amene amachiyendetsa, kwa woyatsa nyali, n'kumalizira kwa wophatikiza zonse. Aliyense wa anthuwa ali ndi zimene zimamuvuta. Khalani nawo pansi muwafunse kuti m'zojambula zanga n'chiyani chimakusowetsani mtendere. Mudzamva zinthu zimene palibe buku lingakuuzeni: kuti manja a mtengambali wanu ndi aafupi moti sangagwire chipewa chake, kuti mkanjo wautali uja ukufuna munthu wapadera woyendetsa nsalu pa chochitika chilichonse, kuti simunajambule kumbuyo kwa mpando ndiye iwo angopeka.

Pa makatuni ojambula pamanja nkhani yake ndi masamu. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, choncho ya mphindi 90 ili ndi zithunzi 129,600. Ngakhale ojambula atamagwiritsa ntchito chojambula chimodzi kawiri, n'kukhala 12 pa sekondi, mizere isanu yowonjezera pa malaya a mtengambali wamkulu ndi mizere imene wina adzaibwereza kambirimbiri. Wojambula waluso amawonjezera mizereyo chifukwa ikukongola. Art director amafunsa ngati kukongolako kukuyenera miyezi ya ntchito ya anthu ena, ndipo nthawi zina yankho limakhala inde. Chofunika n'chakuti adziwe mtengo wake asanavomere.

Phunzirani kupereka ndemanga

Pakapita zaka zingapo mudzapatsidwa anthu awiri kapena atatu oti muziwayang'anira, monga lead (wotsogolera kagulu) kapena wothandiza art director. Gawo ili ndi limene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa aluso ambiri amagwera pano.

Wojambula wachinyamata wakubweretserani background ya khitchini. Mwaona nthawi yomweyo kuti siili bwino. Dzanja lanu liyamba kuyabwa, ndipo mukudziwa kuti mutaitenga mungaikonze m'mphindi 30. Mukatero, mawa adzabweranso ndi vuto lomwelo, mkuja anthu asanu adzakhala pamzere, ndipo inu mudzakhala mukugwira ntchito ya gulu lonse usiku pamene iwo sakuphunzira kanthu, mtima ukuwawawa poona kuti ntchito yawo imafufutidwa. Vuto linanso ndi la amene amangoti "sizikundigwira mtima" kapena "iwale pang'ono", mawu amene munthu sangagwire nawo ntchito.

Ndemanga yabwino imayambira pa nkhani. Mumayamba mwakumbutsa chimene chikuchitika: apa mwana akulowa kudzaulula kuti wataya ndalama, ndipo oonera ayenera kuyang'ana nkhope ya mayi ake. Kenako mumatchula chimene chikulepheretsa: zenera ili lawala kuposa china chilichonse, ndipo lili mbali ina, ndiye diso likuthawira kumeneko. Pomaliza mumapereka njira imodzi kapena ziwiri, kuchepetsa kuwala kwa zenera kapena kulisuntha kuti likhale kumbuyo kwa mutu wa mayiyo, n'kumusiya wojambulayo asankhe. Ngati mawu akukanika, jambulani pamwamba pa ntchito yake mwachangu, mizere yochepa pa layer ina, yosonyeza njira chabe. Tchulaninso chimene chili bwino, osati pofuna kumunyengerera, koma kuti asachifufute pokonza zinazo.

Musapereke ndemanga 15 pa chithunzi chimodzi. Sankhani ziwiri kapena zitatu zimene zikakonzedwa zina zonse zitsatira. Ndipo dzifunseni moona mtima ngati chimene mukufuna kusinthacho chili cholakwika, kapena changosiyana ndi mmene inu mukanachitira. Ngati chikutumikira nkhani ndipo chili m'malamulo a filimuyo, chisiyeni. Nthawi zambiri dzanja la mnzanu limabweretsa chinthu chimene inu simukanachiganiza, ndipo filimu imalemera nacho.

M'masitudiyo ambiri muli msonkhano wa tsiku ndi tsiku woonera ntchito imene yagwiridwa, umene amautcha dailies. Musanapatsidwe udindo uliwonse, muzikhala tcheru pamenepo. Chithunzi cha mnzanu chikaonekera, ganizani mumtima ndemanga imene mukanapereka, kenako mumve imene art director apereke. Pamene mwasiyana, fufuzani chifukwa chake. Sukulu imeneyi ndi yaulere ndipo imachitika m'mawa uliwonse.

Zida ziwiri za art director

Chida choyamba ndi buku la malamulo a maonekedwe, limene amati style guide. Muli zinthu monga izi: mizere ndi yonenepa bwanji, ngodya ndi zakuthwa kapena zobulungira, mithunzi ili ndi malire akuthwa kapena ofewa, zinthu zakutali zimataya bwanji tsatanetsatane, ndi mitundu iti imene siloledwa. Buku labwino limaonetsa chitsanzo cholondola pambali pa cholakwika, chifukwa munthu amamva msanga akaona malire. Masiku ano ntchito ya filimu imodzi imagawidwa ku masitudiyo a m'mayiko osiyanasiyana, ndiye lembani bukuli poganizira munthu amene simudzakumana naye ndipo mwina chinenero chanu amachimva pang'ono. Zithunzi zichuluke, mawu achepe.

Chachiwiri ndi colour script. Uwu ndi mndandanda wa tizithunzi tating'ono tosonyeza mitundu ndi kuwala kwa filimu yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti munthu akaima patali aone pamene nkhani ikutentha, pamene ikuzizira, pamene mdima ukugwa. Ralph Eggleston anapanga yotere ndi choko cha pastel pa Toy Story ya mu 1995, ndipo ku Pixar chinakhala chizolowezi. Ubwino wake ndi wakuti imakuphunzitsani kusunga. Ngati mukufuna kuti kufiira kudzawopseze anthu pa chochitika cha moto kumapeto, simungamwaze kufiira paliponse kuyambira pachiyambi.

Musadikire kuti wina akupatseni udindo kuti muyambe kupanga zida zimenezi. Tengani filimu yaifupi ya mnzanu, kanema wa nyimbo, kapena kamasewero ka pa foni kamene anzanu akupanga, mudzipereke kuyang'anira maonekedwe ake. Ngakhale gulu likhale la anthu anayi, mudzakumana ndi mavuto enieni a ntchitoyi. Pa portfolio ya munthu wofuna u art director, tsamba loonetsa ntchito za anthu anayi zikuoneka ngati za munthu mmodzi limalemera kuposa chithunzi chanu chokongola kwambiri. Lembani mayina a amene anajambula chilichonse, ndipo nenani momveka mbali imene inali yanu.

Dayilekita, pulodyusa ndi inu

Filimu ndi ya dayilekita, ndipo malonda ndi a kasitomala. Art director amatumikira masomphenya a wina, ndipo amene sangapirire zimenezi ndi bwino alondole njira ya u dayilekita. Madayilekita ambiri sadziwa kutchula chimene akufuna mpaka atachiona. Choncho musapite ndi chithunzi chimodzi chomalizidwa bwino chimene mwathera sabata. Pitani ndi njira zitatu zosiyana kwenikweni, zojambulidwa mwachangu, mumve imene yamukoka ndi chifukwa chake. Akanena mawu ngati "kukhale kosungulumwa", ntchito yanu ndi kuwasandutsa zinthu zooneka: mtengambali wamng'ono m'chipinda chachikulu, mipando iwiri koma wokhalapo mmodzi, kuwala kochokera pa khomo lokha.

Mukasemphana maganizo, nenani maganizo anu kamodzi momveka, ndi chithunzi m'manja, mukufotokoza chimene nkhani itaye. Akakana, tsatirani chisankho chake ndi mphamvu zanu zonse, ndipo musapite kwa gulu lanu kukadandaula. Gulu likaona kuti akuluakulu awiri akukokana, aliyense amayamba kujambula filimu yakeyake.

Pulodyusa ndiye wosunga ndalama ndi kalendala. Muzimuona ngati mnzanu. Phunzirani kuyerekeza kuti background imodzi imatenga masiku angati, kuti malo atsopano aliwonse amadya ndalama zingati, ndi kuti ndi zochitika ziti zimene ziyenera kupatsidwa nthawi yochuluka. Sizingatheke kuti chithunzi chilichonse chikhale chodabwitsa. Art director wanzeru amasankha malo ochepa oti athirepo mphamvu zonse, kwinako n'kupeputsa mwadala, mwina pogwiritsanso ntchito background yakale ndi kuwala kwina. Akatero gulu lake limaweruka pa nthawi yake, ndipo kuteteza anthu anu kuti asapse ndi ntchito ndi mbali ya udindowu.

Kupempha mpando, ndi masiku oyamba

Palibe chiwerengero cha zaka chokhazikika. Ku zotsatsa malonda dzinali limabwera msanga, ndipo alipo ma junior art director ongotuluka kumene kusukulu. Pa mafilimu akuluakulu a makatuni njira ndi yaitali. Chimene ndaona n'chakuti anthu amapatsidwa mpando pamene akhala akugwira kale mbali ina ya ntchitoyo: anzawo amabwera okha kudzafunsa maganizo, ndipo art director akachoka amawasiyira gulu. Zikafika apo, uzani akuluakulu anu mosabisa kuti mukufuna udindowu, muwafunse chimene chikusowa. Nthawi zina mpata umapezeka posamukira ku situdiyo yaing'ono kapena pa pulojekiti yaifupi, ndipo kumeneko si kubwerera m'mbuyo. Kuchokera pa art director, ena amakwera kukhala production designer kapena creative director, ena amatsegula zawozawo, monga Tsutsumi amene anachoka ku Pixar mu 2014 n'kuyambitsa Tonko House ndi Robert Kondo.

Konzekerani chinthu chimodzi chimene chimapweteka ambiri: mudzajambula pang'ono kuposa kale. Tsiku lidzathera m'misonkhano, m'ndemanga ndi m'maimelo. Sungani kabuku kanu kaja ndi ola limodzi la m'mawa, chifukwa gulu limakhulupirira ndemanga za munthu amene dzanja lake likadali lamoyo.

Sabata yoyamba pa mpandowo, werengani nkhani yonse kawiri musanajambule kanthu. Khalani ndi dayilekita mumufunse chimene akufuna kuti woonera amve pa chochitika chilichonse chachikulu, n'kulemba mayankho ake m'mawu ake omwe. Pitani kwa pulodyusa mukatenge kalendala ndi chiwerengero cha anthu amene muli nawo. Kenako kumanani ndi wojambula aliyense payekha, muone ntchito zimene amajambula kunyumba popanda womutuma, chifukwa kumeneko n'kumene mudzadziwire woti mumupatse nkhalango ndi woti mumupatse makina. Mukatha zonsezi, sankhani chochitika chimodzi cha pakati pa filimu, chokhala ndi mtengambali, malo ndi kuwala kovuta, muchiyendetse m'madipatimenti onse mpaka chitamalizika ngati mmene chidzaonekere pa sikirini. Mavuto amene atuluke pa chithunzi chimodzicho muwalembe, mukonze style guide, ndipo pokhapo muuze gulu lonse kuti liyambe.